Ackson ndi Nason pa Njinga Imodzi

Ackson Daka anabadwira kumudzi wina kufupi ndi Vubwi, ndipo anayamba kupalasa njinga miyendo isanafike n'komwe pamapedulo. Ankalowetsa mwendo kunsi kwa mtanda wa njinga ya amalume ake n'kumayenda chopendekera ngati nkhanu. Atakula anayamba kunyamulira anthu katundu: matumba a mtedza, thonje, mbuzi zomangidwa pakaliyala zikulira njira yonse. Kenako anakwatira Ottilia, mwana wa mkulu wa mpingo, n'kusamukira ku Katete komwe ankanyamula anthu panjinga kuchokera pamsika.

Ackson anali wolongolola. Akakunyamula pamsika, pofika kwanu unkakhala utadziwa amene wagulitsa ng'ombe, amene wathawidwa ndi mkazi, ndiponso chifukwa chake timu ya mpira ya kwanuko sidzapambana. Ena ankamufuna chifukwa cha pakamwa pakepo, ena ankamuzemba chifukwa cha pomwepo.

Pasiteji ya njinga panali munthu mmodzi yekha womuposa liwiro, Nason Mvula. Awiriwa ankakangana tsiku lililonse, koma ankadyera mbale imodzi ya tchipisi. Zinthu zitamuyendera, Nason anagula njinga yamoto. Helimeti anali nayo, koma ankaipachika pahandulo, ati imatentha ndipo imaononga tsitsi. Tsiku lina akuchokera ku Mkaika, nkhumba inadumpha msewu. Nkhumbayo inadzuka n'kupita, koma Nason anagona m'chipatala milungu ingapo osadziwa kanthu.

Atatsitsimuka, mabala anapola koma mutu sunabwerere mwakale. Mawu ankamutuluka mochedwa, limodzilimodzi. Ankaiwala zimene wadya m'mawa. Akaimirira mwadzidzidzi dziko linkamuzungulira, ndipo nthawi zina ankapsa mtima popanda womuputa. Adokotala anafotokoza kuti ubongo unavulala, koma pamsika nkhani inali ina: ena ankati wapenga, ena ankati anakhwimira njinga yamotoyo ndipo zamubwerera. Nason anasiya kutuluka m'nyumba ya mlongo wake Jennifer. Ackson ankapitako Lamlungu lililonse kukamuuza nkhani, ndipo Nason akaiwala, iye ankakondwa chifukwa ankazikambanso.

Patapita chaka, Ackson anaona kuti tchende lake lakumanzere latupa ndipo lalimba ngati mwala. Silinkapweteka, linkangolemera. Iye anati ndi chishalo. Anagula china, kenako anachikulunga ndi siponji, kenako anaikapo chikopa cha mbuzi. Chotupacho chinapitirira kukula.

"Bambo a Taonga, chishalo mwachivutitsa mokwanira," anatero Ottilia m'mawa wina. "Lero tikupita kuchipatala."

"Ndi zazing'ono izi, amake Taonga. Zitha zokha."

"Ngati mukuchita manyazi, ndiitane atate adzaone kaye. Abwere ndi akulu anzawo a mpingo."

Ackson anavala nsapato nthawi yomweyo.

Kuchipatala anapeza namwino wamkazi, dzina lake Melody Njobvu. Munthu amene ankalankhula kuchokera pamsika mpaka ku Mkaika osapuma, tsiku limenelo mawu anamuthawa.

"Chavuta n'chiyani, a Daka?" anafunsa namwinoyo.

"Katundu wanga, sisita. Mbali imodzi sali bwino."

"Katundu uti? Mwabwera naye?"

"Ndimayenda naye."

"Machende, sisita," anatero Ottilia ali pakhomo. "Limodzi latupa miyezi yambiri."

Atamupima anamuuza kuti akuganizira khansa, ndipo anamutumiza ku Lusaka. Kumeneko anachotsa tchende lodwalalo n'kumuyambitsa mankhwala a m'mitsempha. Inali nthawi yowawa. Tsitsi linathothoka, chakudya chinkabwerera, ndipo miyendo imene inkakweza matumba a mtedza pamtunda inkanjenjemera popita kubafa. Masiku ena ankangoyang'ana kukhoma osalankhula, ndipo Ottilia amanena kuti kukhala chete kumeneko n'kumene kunamuopsa kuposa zonse. Koma mankhwala anagwira. Adokotala anamuuza kuti khansa imeneyi imachizika bwino munthu akafulumira, ndipo anamudzudzula pang'ono chifukwa cha miyezi imene anataya akusintha zishalo.

Atabwerera pasiteji anapeza anzake amupatsa kale dzina, Kamodzi. Ankayembekeza kuti akwiya, koma iye analiza belu la njinga yake n'kunena kuti, "Belu ili ndi limodzi, koma nonse mumapatuka." Kuyambira pamenepo ankauza aliyense amene wakwera njinga yake za matenda akewo, mpaka amayi ena ankatsika asanafike.

Tsiku lina mzibambo wina wogulitsa makala anamuitanira kuseri kwa msika n'kumunong'oneza kuti nayenso ali ndi chotupa, chaka chachiwiri tsopano. Ackson anamunyamula ulere mpaka kuchipatala, koma matenda anali atafalikira kale, ndipo bamboyo anamwalira mvula isanagwe. Ackson anakamba nkhaniyi kwa Nason Lamlungu lotsatira, ndipo ulendo uno sanaikometsere.

Nason anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Ine amati ndine wamisala. Iwe amati si mwamuna. Tiye... tikathamange. Ationere."

"Tithamange kuti?"

"Kutali."

Umo ndi mmene mpikisano unayambira. Anagwirizana kuti uchokere ku Vubwi, udutse ku Chadiza ndi ku Katete, ukathere ku Sinda, tsiku limodzi, panjinga zomwezi zonyamulira anthu. Anzawo a pasiteji anavomera msanga, chifukwa aliyense ankafuna kuonetsa kuti ndi katswiri. Sisita Njobvu anati adzatsatira pambuyo pagalimoto ya mlamu wawo, ndipo anaika lamulo limodzi: wopanda helimeti asapalase. Nason sakanatha kupalasa yekha chifukwa cha chizungulire, ndiye anapangana kuti adzakhala pakaliyala ya Ackson.

Kutchalitchi, amene anapatsidwa ntchito yolengeza anali atate a Ottilia. Mkuluyo anawerenga bwinobwino za kuvulala kwa ubongo, koma atafika pa mawu enawo anatsokomola, anapukuta magalasi, n'kunena kuti, "ndiponso matenda ena ake a azibambo, amene azibambo akuwadziwa." Azibambo anayang'ana pansi. Azimayi anaseka mpaka abusa anachita kuyambitsa nyimbo.

Mpikisano unachitika mu Julaye, kukuzizira. Opalasa anasonkhana ku Vubwi m'bandakucha, ndipo mahelimeti anali a mitundumitundu. Ena anabwereka kwa anzawo a njinga zamoto, ena anavala zipewa za omanga nyumba, ndipo mmodzi anabwera ndi poto womangirira ndi lamba wa chubu. Ameneyo sisita anamubweza. Ackson anali atabwereka chimkuzamawu kwa munthu wogulitsa mankhwala a makoswe pamsika, cha mtundu uja chojambula mawu n'kumawabwereza chokha. Anajambulamo uthenga wake: "Azibambo, dzigwireni posamba. Tchende likatupa, thamangirani kuchipatala. Okwera njinga, valani helimeti." Ntchito ya Nason inali kuchinyamula n'kudina batani akafika pa anthu.

Ananyamuka onse pamodzi, koma posakhalitsa enawo anazimiririka m'fumbi. Ackson anali ndi munthu wamkulu kumbuyo, ndiponso mphamvu zake zinali zisanabwerere zonse. Msewu unali wamabampu ndi mchenga. Pamitunda ina onse awiri ankatsika n'kukankha, Nason atagwirira chishalo kuti asagwe. M'midzi anthu ankatuluka kudzaona, ndipo chimkuzamawu chikatchula tchende, azimayi ankagwira pakamwa, azibambo n'kumanamizira kuti akuyang'ana matayala.

Atafika ku Chadiza pamsika panali anthu ambiri. Nason anadina batani lina, ndipo m'malo mwa mawu a Ackson munatuluka a mwini chimkuzamawu: "Makoswe, mphemvu, nsikidzi, zonse kufa lero!" Anthu anathamangira kudzagula. Nason anadinadinanso mpaka uthenga wa Ackson unafufutika, ndi wa makoswe womwe.

"Lankhula iwe," anatero Nason akumupatsira.

"Mpweya ndilibe. Ukuona mmene ndikupumiramu? Lankhula wekha."

Nason anali asanalankhulepo pagulu chichitikire ngozi. Anayang'ana anthuwo, anayang'ana Ackson, n'kukweza chimkuzamawu.

"Ine ndine Nason," anatero pang'onopang'ono. "Sindine wamisala. Ndinagwa panjinga yamoto. Helimeti inali pahandulo. Handulo ili bwino mpaka lero." Anthu anaseka, kenako anakhala chete chifukwa mawu ake ankachedwa ndipo aliyense ankafuna kumva otsatira. "Uyu ndi Ackson. Ali ndi tchende limodzi. Linalo linali ndi khansa. Akanachedwa, bwenzi nditasowa wondinyamula."

Mayi wina wogulitsa nthochi anawapatsa phava lonse. Mnyamata wa njinga yamoto amene anaima pafupi anatenga helimeti yake pahandulo n'kuivala mwakachetechete.

Kuchokera pamenepo Nason sanachisiyenso chimkuzamawu. Ankalankhula pamudzi uliwonse, ngakhale pamene panali ng'ombe zokha. Anafika ku Katete dzuwa litapendeka, ndipo Ottilia ndi Jennifer anawadikirira pamphambano ndi maheu ndi mbatata. Jennifer ataona maso a mlongo wake anati ulendo uthere pomwepo. Nason anakana.

Koma Jennifer anali ataona zoona. Atayenda pang'ono pamsewu wa tala wopita ku Sinda, malole akudutsa ndi phokoso, Nason anamenya Ackson pamsana kuti aime. Anatsika.

"Tili kuti? Ukundipititsa kuti iwe? Ndikufuna kwathu."

Kutopa kunali kutamusokoneza, ndipo sankakumbukiranso za mpikisano. Anaponya chimkuzamawu m'udzu n'kuyamba kuyenda kubwerera ku Katete. Galimoto ya sisita Njobvu inaima kumbuyo, koma iwo anakodola Ackson kuti asamukakamize. Ackson anagoneka njinga, anamutsatira, n'kumukhazika pamthunzi wa mtengo wa mango. Anagula nzimbe kwa mayi wa m'mbali mwa msewu, ndipo anatafuna onse awiri. Miyendo ya Ackson nayo inali itayamba kukokana, moti kupumako anakulandira ndi manja awiri.

Nzimbe itatha, Nason anayang'ana njinga ija.

"Tili pampikisano?"

"Eya."

"Tikuwina?"

"Kumbuyo kwathu kulibe aliyense wotipikisa."

"Ndiye ukukhaliranji? Tiye."

Sisita anamupima, anamumwetsa madzi, n'kuvomera kuti apitirize bola apite pang'onopang'ono. Nason anatola chimkuzamawu chija m'udzu n'kukwera. Anafika ku Sinda dzuwa likulowa, ali omalizira. Wopambana anali wonyamula makala wa ku Sinda komweko, ndipo anali atasamba kale, atavala jekete, akuwaombera m'manja pamodzi ndi gulu. Ackson potsika njinga miyendo inakana, anangokhala pansi pafumbi. Nason anaimirira pambali pake n'kulengeza pachimkuzamawu kuti dalaivala wake watha mafuta.

M'milungu yotsatira, sisita Njobvu anayamba kulandira azibambo amene ankati abwera kudzafunsira mnzawo. Akafunsidwa kuti mnzawoyo ali kuti, ankavula okha lamba. Ambiri anapezeka ndi zotupa zina zosakhala khansa ndipo anathandizidwa, koma mphunzitsi wina wachinyamata wa ku Chadiza anatumizidwa ku Lusaka nthawi ikadalipo, ndipo lero ali m'kalasi. Mahelimeti sanavalidwe ndi onse. Ena akadali pamahandulo, ngakhale eni ake akaona Nason amafulumira kuvala.

Nason tsopano amamata machubu pansi pa mtengo pafupi ndi siteji. Mutu sunachire wonse, ndipo masiku ena Jennifer amabwera kudzamutenga masana. Za ulendo uja amakumbukira zina, ndipo akamaukamba amati anapambana ndi iwo. Palibe amene amamutsutsa. Chaka chotsatira Ottilia anabereka mwana wamkazi wa mphuno ya Ackson yeniyeni, ndipo amene ankanong'ona pasiteji kuti Ackson sangaberekenso analeka. Ackson amapitabe ku Lusaka kukapimidwa nthawi yake ikakwana.

Mpikisanowo ukuchitikabe mu Julaye, ndipo chaka chino azimayi a pamsika anena kuti nawonso alowa, chifukwa amene amakokera amuna kuchipatala ndi iwo. Ottilia wayamba kale kukonzekera. Loweruka m'mawa amatenga njinga ya mwamuna wake n'kulunjika ku Mkaika, ndipo Ackson amatsala pakhomo ndi mwana kumsana, akufunsa aliyense wodutsa ngati wakumana naye panjira.