Maso Achikasu ndi Khasu Lobwereka

Chizindikiro choyamba chinali m'maso. Mwana wathu anabadwira m'nyumba ku Kawale mu Juni 1995, miyezi isanakwane, wolemera ngati paketi ya shuga yotsegula kale. Iye ndi mayi ake, Esnati, anawatsekera m'chikuta kuchipinda, ine n'kusamutsidwira pabalaza. Mwamuna salowa m'chikuta. Lamuloli anabwera nalo pa basi kuchokera ku Ntcheu a Nangozo, azakhali a Esnati.

Tsiku lachitatu ndinasuzumira pazenera. Mwana anatsegula maso pang'ono, ndipo poyera pa diso panali pachikasu ngati mkati mwa dzungu. Ku koleji ndinaphunzira zaulimi chaka chimodzi tisanasiyane maganizo ndi olemba mayeso, choncho ndinkadziwa kuti chimanga chikachita chikasu pali vuto. Za anthu tinali tisanafikepo.

Azakhali anali ndi yankho: mkaka woyamba uja, wachikasu, wonanda, ndiwo wamudetsa mwana. Ankamufinyitsa Esnati m'kapu n'kukataya kuseri kwa bafa, mwana n'kumamumwetsa madzi a shuga pa sipuni. M'mawa mwake chikasu chinatsikira pachifuwa, kenako m'miyendo. Mwana analeka kulira. Ankangogona, thewera louma tsiku lonse. Azakhali anati ndi mwana wofatsa.

Masana ndinapeza khasu litatsamira pakhomo. Ku Kawale, mu Juni, ife opanda ngakhale kabedi ka mpiru. Ndinafunsa mwaulemu.

"Ndabwereka kwa alandilodi," anatero azakhali. "Kameneka si munthu, apongozi, kakungodutsa. Musakatche dzina. Zikachitika, zokakwirira ndi za amayi okha, inu simuvutika. Ndi kulira komwe sitilira."

Esnati anamva zonse ali kuchipinda. Azakhali atalowa m'bafa, iye anatuluka atakulunga mwana m'bulangete, nangoti, "Tiyeni." Mbiri ilembe bwino: wolimba mtima tsikulo sindinali ine. Ine ndinanyamula chikwama.

Kuchipatala chachikulu namwino anakanikiza chala pamphumi pa mwana, nayang'ana pamene chala chinachoka.

"Mumadikira kuti apse ngati papaya? Mkaka mwatayawo ndiwo unali mankhwala ake. Chikasu chimatuluka ndi chimbudzi. Mwana wosayamwa achita chimbudzi chanji?"

Anamuika m'kabokosi kagalasi ali maliseche, maso atamangidwa, pansi pa nyale yabuluu. Mkaka ankaulandirira m'kapaipi ka pamphuno. Esnati ankagona pasimenti ndi amayi ena, kudikira kuitanidwa kukafinya, mabere atatupa ngati miyala. Magetsi akazima, nyale ija inkazimanso, amayi onse n'kuimirira kuyang'ana kudenga. Abambo sitinkaloledwa. Tinkakhala pansi pa mtengo panja, kuwerenga nkhope za otuluka. Mayi akatuluka wopanda mwana, anzake awiri atamugwira m'mikono, aliyense wa ife ankapeza chochititsa chidwi pa nsapato zake.

Sabata yachiwiri mwana anayamba kuyamwa yekha, maso n'kuyera. Dokotala sanazungulire. "Wapulumuka. Koma chikasu chinakwera kwambiri, ndipo chimawononga makutu. Mukanabwera tsiku munachionalo, bwenzi tisakukamba zimenezi."

Tinamutcha Ndaona. Lero ali ndi zaka zinayi. Amathamanga, amadya ngati amalipidwa, anyamata a pamzere wathu amamuthawa. Samva. Ukamuitana atafulatira, waitana khoma. Azakhali atabwera pa Khrisimasi anamuitana kangapo, kenako anatiuza kuti mwanayu tikumulera mwamwano.

Anzanga, mwana akasintha maso musadikire kuti mchombo ugwe, kapena kuti achikulire alowe m'bafa. Muyamwitseni mkaka woyambawo, ndipo thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Khasu lija sitinabweze, ndipo alandilodi sanalifunsepo. Ndaona amalikhwekhwereza pabwalo, n'kumakumba timayenje tating'ono, tosazama. Mayi ake akamuona amalowa m'nyumba. Ine ndimamusiya akumbe.