Nambala Yofikira pa Foni ya Apongozi

Monalisa Kaonga anabadwira ku Wenya, ndipo achibale ake amati ngakhale tsiku lobadwa analira motsitsa mawu, ngati akuopa kusokoneza azamba. Iye satsutsa zimenezo, pakuti kutsutsa kumafuna kutsegula pakamwa.

Kusekondale ankakhala benchi yakumbuyo, pafupi ndi zenera losweka. Mayankho ankawadziwa, koma ankawanong'oneza mnzake wa pambali, mnzakeyo n'kukweza dzanja, n'kuomberedwa m'manja. Zaka zinayi zinatha chomwecho. Zotsatira za Folomu 4 zitatuluka, aphunzitsi a masamu anaona dzina lake pamwamba pa pepala n'kufunsa anzawo kuti, "Kodi ameneyu amaphunzira pano?"

Atamaliza sukulu anakakhala kwa azakhali ake ku Chisenga. Tsiku lina azakhaliwo anamutenga kumsonkhano wa gulu la alimi a njuchi la Wukani kuti awanyamulire mpando. Gululo linkafuna mlembi. Mayi wina analoza ndi mlomo n'kunena kuti, "Uyu NyaKaonga ali ndi setifiketi." Wapampando anafunsa ngati pali wotsutsa. Wotsutsa analipo mmodzi, Monalisa yemweyo, koma anatsutsira mumtima. Anabwerera kunyumba mpando uli pamutu, buku la gulu lili m'khwapa.

Patatha zaka ziwiri anakwatiwa ndi Sungani Ng'ambi, dalaivala wa lole wolankhula zokwanira anthu awiri, amene ankayenda maulendo a ku Tunduma n'kumaoneka pakhomo kamodzi pa miyezi iwiri. Sungani anali mwana wa a Elijah Ng'ambi, wapampando wa gulu lomwelo. Kubanja la a Ng'ambi mwambo wakale ukadalipo: mkamwana sayang'anana ndi apongozi ake aamuna, salankhula nawo, satchula dzina lawo, ndipo akawaona panjira amapatukira kutchire. Atsikana ambiri amadandaula nawo mwambowu, ena anausiya kalekale. Monalisa atafotokozeredwa za mwambowu anaganiza kuti zikanakhala bwino ukanakhudza anthu onse a m'boma la Chitipa. Anali asanamvepo kubisala kukutchedwa ulemu.

Kuyambira pamenepo misonkhano ankailemba ali panja. Anthu ankakhala m'kanyumba kosefera uchi, iye pa njerwa ziwiri kunsi kwa zenera, buku pamwendo. Akafuna kunena kanthu ankalemba kapepala n'kukaponya mkati. Alendo ochokera kuboma ankayamikira kuti mwanayu analeredwa bwino.

Gululo linali ndi tsamba la pa intaneti. Analikonza ndi a Bernard Chilinda, mphunzitsi wochokera ku Dedza, asanasamutsidwe kubwerera kwawo. Pochoka anamusiyira Monalisa laputopu yakale ndi kapepala ka mawu achinsinsi. Dzina la tsambalo linali litasindikizidwa pa mapepala zikwi zitatu omata pa mabotolo, ndipo masitolo a ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ankaitanitsa uchi podzera pomwepo.

Kumayambiriro kwa Seputembala kunabwera imelo. Kampani yosunga tsambalo inkatseka ntchito zake. Aliyense amene sadzakhala atayamba kusamutsira dzina lake ku kampani ina pofika pa 30 mwezi womwewo, dzinalo likhoza kumutayika, wina aliyense n'kulitenga. Monalisa anawerenga katatu, kenako anaimbira a Bernard.

"Si nkhani yovuta, a Sekeletale," anatero a Bernard. "Zili ngati kusamutsa njuchi. Njuchi ndi zomwezo, mukungosintha mng'oma. Mulowe mu akaunti yakale, muchotse loko pa dzinalo, akupatsani kiyi wautali wa zilembo, mukampereke ku kampani yatsopano. Kungoti polowa atumiza manambala sikisi pa foni. Muwalembe zisanathe mphindi zisanu, apo ayi amafa."

"Pa foni ya ndani?"

"Ya a Tcheya. Ndinalembetsa yawo, pajatu ndiwo mutu wa gulu. Halo? Netiweki yathawa?"

Netiweki inali bwinobwino.

"Aa, paja munakwatiwa pakhomo pomwepo!" A Bernard anaseka mpaka kutsokomola. "Pepani, chemwali. Ine ndinkaona ngati ndikuwapatsa ulemu."

Foni ya a Elijah inali kaja kamabatani, ka layini ya ku Zambia, chifukwa kumeneko netiweki ya tsidya lina imagwira msanga kuposa yakwathu. Inkakhala m'thumba la jekete, yomangidwa ndi chingwe pa batani. Kuyambira tsiku limene Sungani anagwetsera foni yawo yoyamba m'ndowa ya uchi, mkuluyo analumbira kuti iyi sidzagwiridwa ndi dzanja lina, ngakhale la mkazi wawo. Ndipo malo amene layini ya ku Zambia ndi intaneti ya Monalisa zinkagwira zonse ziwiri anali amodzi okha: thanthwe lina panjira yokwera ku Mafinga, kufupi ndi kumene kuli ming'oma, lalikulu ngati mphasa, pambali pake pali mtengo wa msuku. Ukatsika phazi limodzi, foni imasanduka tochi.

Chofunika chinali kungowauza apongozi ake aakazi, amama Dorothy, kuti akawauze amuna awo. Monalisa anakonza mawu ake ali kumtsinje. Anawakonzanso akusenda nyemba. Kawiri anafika mpaka pakhomo la khitchini, n'kupempha machesi. Machesi anadzaza pawindo la chipinda chake, ndipo milungu itatu inapita. Tsiku lililonse ankaona mabotolo ali ndandanda m'kanyumba kaja, lililonse lili ndi dzina limene likufa chifukwa mlembi wa setifiketi akuopa apongozi ake aakazi, nkhalamba ya mano anayi imene imamugawira mbatata m'mawa uliwonse.

Anawauza pa 27.

"Milungu itatu!" anatero amama Dorothy, atagwira m'chiuno. "Mwana iwe, tsiku udzakhale ndi pakati, tidzamva mwana akuyenda kale."

M'mawa mwake anakwera atatu, motalikirana, a Elijah patsogolo, amama pakati, Monalisa kumbuyo kwenikweni. Dongosolo analikonza ndi amama. Monalisa akwere pathanthwe, apemphe nambala, atsikire mbali ya kum'mawa n'kubisala. Amama aitane. A Elijah atuluke mbali ya kumadzulo, akwere, alandire uthenga, akopere papepala, atsike n'kubisala. Amama atenge pepala, apite nalo kwa mkamwana, mkamwana akwere alembe.

Pakamwa zinkamveka bwino. Koma a Elijah anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo thanthwe ankalikwera chokwawa. Akafika pamwamba ankayamba apuma, kenako kufunafuna magalasi, kenako cholembera. Nambala yoyamba inafa amama akadali m'njira. Yachiwiri inafa Monalisa atalemba manambala anayi. Ulendo wachitatu amama anathamanga ngati namwali, mpango utagwa, akukuwa kuti, "Kwera, kwera, adada ako atsika!" Monalisa anakwera, analemba onse sikisi, n'kudina. Laputopu inayankha mwaulemu kuti mwayesa kambiri, akaunti yatsekedwa, mudzayesenso pakatha tsiku lathunthu.

Anatsika mmene anakwerera, motalikirana. Pofika pa 29 bondo la amama linali litatupa ngati dzungu, ndipo ananeneratu kuti kaya dzina life kaya lisafe, iwo phiri limenelo sakweranso.

Pa 30 Monalisa ananyamula laputopu dzuwa litangotuluka. Analibe nzeru ina iliyonse. Ankangofuna kuti anthu akadzafunsa, adzanene kuti tsiku lomaliza anali kuthanthwe. M'njira ankadziwerengera milandu: mtsikana wodziwa masamu a Folomu 4, wolephera kunena chiganizo chimodzi m'khitchini.

Atatulukira pamsuku paja, anaima. Pathanthwe panali munthu, atakhala chofulatira njira, atavala ovololo yoyera yokololera uchi ndi chipewa chake chaukonde, kutentha konse kuja. Chingwe cha foni chinkatuluka pakhosi. Miyendo ya Monalisa inadziwa ntchito yake, inayamba yokha kubwerera kutchire.

Munthuyo anatsokomola.

"Iwe msuku," anatero a Elijah, akuyang'ana mtengo, "wakhala pano zaka zambiri, ndiwe wamkulu mnzanga. Ukaona munthu wina akubwera ndi makina, umuuze kuti thanthweli lili ndi mbali ziwiri. Ine ndatenga yakumadzulo."

Monalisa anayang'ana mtengowo. Unali msuku wamba, wa masamba akuluakulu, zipatso zikadali zaziwisi. Anakwera pang'onopang'ono, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa mbali ya kum'mawa, msana utaloza msana wa apongozi ake. Pakati pawo pakanakwana mbuzi imodzi. Anatsegula laputopu, n'kudina popempha nambala. Kumbuyo kwake foni inalira.

"Yabwera, msuku." A Elijah anayandikiza foni kumaso. "Koma ukonde uwu ukunditchinga, sindikuona kanthu. Ndikuvula chipewa. Aliyense asunge maso ake."

Chipewacho chinali chomangidwa ndi mfundo ziwiri. Monalisa ankamva mkuluyo akulimbana nazo, akung'ung'udza m'Chitumbuka, kwinaku kawotchi ka pakona ya laputopu kakudya mphindi. Kenako magalasi. Zinatsala mphindi ziwiri.

"Eya. Folo. Seveni. Seveni winanso." Mphepo yochokera ku Mafinga inadutsa m'masamba, n'kunyamula nambala yachinayi. "Ziro. Thuu. Basi, atha."

Monalisa anali ndi manambala asanu ndi mpata umodzi. Anaganiza zolosera, koma akaphonya, akaunti ikanatsekedwanso mpaka mwezi wa mawa. Anaganiza zolemba kapepala n'kuponya kumbuyo, koma cholembera anachisiya m'buku la gulu. Panalibe mnzake wa pabenchi woti n'kumunong'oneza.

"Msuku," anatero, mawu ake osafika ngakhale pa bondo lake lomwe, "abwereze yachinayi."

"Msuku, pali amene walankhula, kapena ndi ntchentche?"

Inatsala mphindi imodzi. Monalisa anatseka maso, ngakhale panalibe choti n'kuona.

"Msuku! Uwauze adada abwereze nambala yachinayi!"

Mawuwo anatsika chigwa chonse, anakagunda phiri la tsidya n'kubwerera. Njiwa ziwiri zinauluka. Iye mwini anadzidzimuka, ngati wamva mlendo akukuwa pakhomo.

"Naini," anatero a Elijah msangamsanga, ndipo mawu awo ankamveka ngati a munthu amene akudziletsa kuseka.

Akaunti inatseguka. Zotsalazo zinali monga ananenera a Bernard. Anachotsa loko, kiyi wautali anabwera pa imelo, anamukopera mosamala ku tsamba la kampani yatsopano, ndipo kunalembedwa kuti kusamutsa kwayamba, kudzatha pakapita masiku asanu. Pansi pake panali bokosi lofunsa nambala ya foni ya woyang'anira dzinalo.

"Msuku," anatero Monalisa, tsopano ndi mawu apakati, "akufunsa kuti tilembe foni ya ndani."

"Alembe yake. Mawondo angawa si a kampani." A Elijah anayamba kumanganso chipewa. "Ndipo umuuzenso ichi, msuku, poti wayamba kumva. Mwambo unati asalankhule ndi ine. Sunati asalankhule ndi mkazi wanga, ndi gulu, ndi dziko lonse. Amake Sungani aja pa ukamwana wawo ankathawa bambo anga mpaka kugwera m'dzenje, koma pakamwa pawo pankamveka ku Zambia."

Monalisa anafuna kuyankha kuti iye amangolemekeza mwambo. Koma kunama kwa mtengo wachikulire chotero kunamuchititsa manyazi ena.

"Yewo, msuku," anatero, kuthokoza m'Chitumbuka.

Anatsika ndi njira ziwiri zosiyana, monga mwa nthawi zonse.

Loweruka lotsatira kunali msonkhano. Imelo yotsimikiza inali itafika, tsamba likutseguka pa dzina lomwe lija. Monalisa anali atalemba lipoti lonse pa kapepala, atakapinda bwino koti n'kuponya. Atafika pa njerwa zake, anapeza pazenera pali botolo la uchi lopanda kanthu, m'kati mwake mwazikidwa kanthambi ka msuku ka masamba atatu.

M'kanyumba muja a Elijah anatsegula ndi pemphero, kenako anati, "Nkhani yoyamba ndi ya dzina lathu la pa intaneti. Alembi afotokozere mtengo uli pazenerawo. Ife tingomvera nawo."

"Akweze mawu," anatero amama Dorothy, mwendo atautambasula pa benchi. "Mtengowo ndi wogontha."

Monalisa anayang'ana kapepala kake, anayang'ana masamba atatu aja. Anaika kapepalako m'buku, n'kuimirira. Analankhula mphindi zinayi zathunthu, thukuta lili chuchuchu, maso ali pa kanthambi. Pomaliza mayi uja amene anamusankha kukhala mlembi anasuzumira pazenera kuti aone ngati ndi yemweyo.

Nthambi ija imauma pakatha sabata. A Elijah amathyola ina popita ku ming'oma.