Nyemba Yofiira Imene Harry Anaikana

Anamuuza. Pasadzapezeke munthu wonena kuti Harry sanauzidwe. Anamuuza masana dzuwa likuswa mtengo, pa benchi ya ku chipatala cha Gulupu, mkazi wake Stella ali pompo, mwana ali pamiyendo akulira mpaka mawu kusasa.

Mwanayo anali Tione, wosakwana ndi chaka chomwe. Timanja tinali titatupa ngati mandasi, timapazi chimodzimodzi, kungomukhudza kukuwa. Mlongo wake Mailosi anayambanso choncho. Kenako maso chikasu, m'kamwa mbuu, basi n'kupita asanaione ndi sukulu ya mkaka yomwe. Pamanda ake ku Kuntaja udzu unali usanamere.

Namwino amene anabwera ndi zotsatira za magazi anali mayi wachikulire, wosathamanga polankhula. Ataona kuti mawu a chipatala sakulowa, anapempha kathumba ka nyemba kamene Stella anatenga kuti aziphika podikirira matendawo. Anasankhamo zoyera ndi zofiira, n'kuziyala pa chitenje.

"Taonani apa nonse awiri. Matendawa dzina lake ndi sikoselo. Munthu aliyense pobadwa amalandira mbewu ziwiri za magazi, ina kwa mayi, ina kwa bambo. Yoyerayi ndi yabwinobwino. Yofiirayi ndi imene imapinda timbulu ta magazi kukhala ngati chisikilo chomwetera udzu, ndiye timakodwa m'mitsempha, mwana n'kumamva ululu. Munthu wa yoyera ndi yofiira sadwala. Amalima, amasenza katundu, sadziwa n'komwe. Koma mwana akatola yofiira uku, yofiiranso uku, ndi uyu mwamunyamulayu. Imodzi ndi yanu mayi. Inayi ndi yanu bambo. Tiyeni tikuyezeni nonse, ndi kadontho chabe ka pachala."

Stella anapereka chala. Harry anaika manja m'thumba.

"Ine? Ine ndimasenza masutikesi pa eyapoti kuyambira m'mawa mpaka ndege yomaliza. Panado sindimudziwa kukoma kwake. Yezani omwewa."

"Bambo, kwanu kunalibe ana omwalira ali aang'ono?"

Harry anayang'ana pansi. Azichemwali ake awiri anagona kumanda ku Lirangwe asanafike ndi posenza ndowa pomwe. Koma anati, "Amene aja anachita kulodzedwa. Mudzi wonse ukudziwa."

"Chabwino, sindikukakamizani. Koma mukawauze abale anu kuti mbewu imeneyi imayenda m'mtundu. Asanakwatirane aziyamba ayezetsa. Makamaka maukwati a chisuweni aja, chifukwa nyemba za nkhokwe imodzi zimafanana."

Mawu amenewo analowera khutu ili n'kutulukira linali. Chenjerani ndi munthu amene akamauzidwa zinthu amayang'ana wotchi.

Tione atatuluka m'chipatala, amayi ake a Harry anabwera kuchokera ku Lirangwe kudzazonda. Sanakhale ndi pansi pomwe. Anangotembenuza kadzanja ka Tione, n'kugwedeza mutu.

"Ili ndi tsempho. Ine ndakula ndikuona."

Inu a masiku ano mwina tsempho simulidziwa. Akale ankati mwana akatupa, ndiye kuti kholo lina layenda njira yosayenera n'kubwera kudzagwira mwana kapena kuthira mchere m'ndiwo. Ndiye kutupa kwa Tione kunasanduka mlandu wa chigololo.

"Mwana wanga amachedwa kuntchito, mukudziwa. Nanga muno mumalowa ndani? Woyamba munamusempha, tinangokhala chete. Uyunso?"

"Apongozi, Mulungu akuona. Ku chipatala anati ndi magazi a tonse awiri."

"Magazi a ndani? Kwathu kulibe zimenezo!"

Ankhoswe anakhala pansi, koma Harry anali atamanga kale mtima. Anati, "Inu nomwe mumati ana ndi a kuchikazi, ife amuna ndife atambala chabe. Ndiye matenda awo akhalenso a kuchikazi konko." Poti anali mkamwini, kuchoka sikunavute. Anamanga wailesi, matiresi ndi mapoto pa njinga. Anatenga ndi bulangete lomwe ankafunda Tione, chonsecho unali mwezi wa Juni.

Mvula isanagwe, inamveka nkhani yoti wakwatira Jenifer, mwana wa amalume ake, ku Lirangwe komweko. Ankanena poyera pa sitolo kuti, "Pano ndatenga magazi odziwika. Msuweni wanga, wa m'nyumba mwathu momwe."

Stella anatsala ndi mwana wodwala ndi dzina loipa. Kale ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa pa msewu wa ku Chileka, ogwira ntchito pa eyapoti ankachita kulimbirana. Tsopano beseni linkabwerera lodzaza. Ndani angadye chophikidwa ndi manja a mkazi wosempha ana? Kumjigo akafika, nkhani zinkaduka. Kutchalitchi pa benchi yake pankatsala malo ngakhale anthu ena ataimirira kumbuyo.

Tsiku lina anakhala pakhonde, zitumbuwa zadzulo zili pambali, nayenso n'kulira ngati mwanayo. Pomanga kathumba kaja ka ku chipatala, nyemba zinatayikira pansi. Anazitola imodzi imodzi. Mumtima anati, zophikaphika akuzikana, nanga zosaphika? Nyemba youma ilibe tsempho. Aliyense akaphike ndi manja ake, athire yekha mchere wake.

Anayamba ndi ndowa imodzi. Tsiku la msika ankakwera minibasi kukapikula nyemba ku Lirangwe, Tione ali kumsana, mtima uli m'mwamba kuti mwina akumana ndi Harry. Ankabwera nazo ku Chileka n'kuyala thumba pansi. Oyamba kugula anali alendo osamudziwa. Kenako njala ya ndiwo inawabweza ndi oyandikana nawo omwe.

Koma ntchito yeniyeni inali Tione. Mwana wa sikoselo saleredwa mwa chisawawa, ndikukuuzani. Madzi azimwa ngakhale alibe ludzu. Mphepo isamupeze, mvula isamunyowetse. Udzudzu umodzi wokha ukhoza kumutengera kumanda, ndiye neti ikhale yosabooka. Mankhwala tsiku ndi tsiku, sikelo yake ya ku Gulupu osajomba. Thupi likangotentha, osadikira kuti tione mawa. Mawa limenelo ndi limene linatenga Mailosi.

Stella anasoka zitenje zakale pamodzi kukhala chofunda. Botolo la madzi analimangirira chingwe kuti lizikhala m'khosi mwa mwanayo, mpaka anzake anamupatsa dzina loti Nachigubu. Anthu achifundo ankabwera ndi malangizo awo. Wina anati akamuteme mphini kwa sing'anga wa kuseri kwa phiri. Stella anati, "Magazi ake ndi ochepa kale. Ena akatayikirenso pa lezala?" Wina anati asiye mankhwala, azingopemphera. Iye anati, "Ndizipemphera ndi m'kamwa, mankhwala ndizimupatsa ndi manja. Sizilimbana."

Musaganize kuti zinkangoyenda. Chaka chilichonse chinali ndi masiku ake ogona m'chipatala. Tione ankaphonya mayeso, anzake n'kumupitirira, iye n'kubwereza kalasi. Ali mu sitandade faifi, m'mawa wina wozizira, ululu unamugwira m'miyendo ndi m'msana mpaka kuluma chofunda. Anali atatalika kale, koma Stella anamubereka, mapazi akukwekwereza m'maondo mwa mayi ake, ulendo wa kumsewu kukadikira minibasi.

Ali m'njira mwanayo ananong'ona. "Amayi, mwatopa nane. Ingondisiyani ndipite kuli Mailosi."

Stella anaima. Anakweza mwanayo bwinobwino n'kumanganso chitenje.

"Mailosi ali ndi agogo ake kumeneko, sakusowa womusamala. Ine kuno ndili ndi iwe wekha. Imwa madzi."

Tione anamwa. Anakamuika magazi, anagona, anadzuka.

Anthu ali ndi maso. Anaona kuti mwana uja ankati sadutsa chaka chachiwiri akupita kusukulu ndi chigubu chake m'khosi. Ndiye amayi ena anayamba kubwera pa malonda a Stella mozemba, ngati ogula, n'kutsalira ena akachoka. Kenako ankavundukula mwana kumsana. "Taonani timanjati. Akuti ndamusempha."

Stella sankanamizira udokotala. Ankangotapa nyemba. Dzanja ili yoyera ndi yofiira, dzanja linali chimodzimodzi.

"Ili ndi dzanja lanu, ili ndi la amuna anu. Tsinzinani, tolani imodzi uku, imodzi uku. Mwaona? Zoyera zokhazokha, mwana alibe kanthu. Bwezerani, tolaninso. Yoyera ndi yofiira, ameneyo ali ngati ine, sadwala koma wasenza. Tolaninso. Ehe, zofiira ziwiri. Njira zilipo zinayi, yowawa ndi imodzi. Koma mimba ilibe chikumbumtima, mayi. Iliyonse imatola mwatsopano. Mukhoza kutola zofiira katatu kotsatizana, mukhozanso osazitola n'komwe. Ine sindingaone m'magazi. Pitani akayeze, ndipo bambo ake musawasiye kunyumba."

Ena anapita, anapeza kuti ndi matenda ena, anathandizidwa. Ena anapeza sikoselo yomweyo, n'kuyamba kuyendera limodzi ndi Stella tsiku la sikelo. Maukwati angapo amene anali pa ankhoswe anapulumukira pa thumba la nyemba lija. Malonda nawo anakula. Thumba la pansi linasanduka benchi, benchi inasanduka kagolosale ka malata. Tione analowa sekondale mochedwa, ali wamkulu kuposa anzake onse, akunena kuti akufuna adzakhale woyeza magazi, azidzaona yekha timbulu topindika tija pa makina.

Tsono mverani za Harry.

Linali tsiku la msika ku Lirangwe. Stella anali ataweramira thumba, akupeta nyemba m'manja kuona ngati zafumbwa. Anamva mawu kumbuyo.

"Amake Tione."

Anatembenuka. Bambo wa imvi, masaya olowa, atabereka mnyamata pa chitenje ngati mzimayi. Pambali pake mayi wowonda, maso pansi. Anali Jenifer.

"Mukufuna nyemba kapena mawu?" anafunsa Stella.

"Tione... alipo?"

"Ali kusukulu. Fomu fili."

Harry anakhala pansi, pafumbi pomwepo, anthu akumulambalala ndi njinga. Zaka zonsezo ankaopa kufunsa. Ankaganiza kuti mwanayo anatsatira Mailosi kalekale.

Jenifer ndi amene analankhula, mawu ake ngati ochokera m'chitsime. Anabereka ana anayi. Woyamba ali bwinobwino, ndipo Harry ankayenda naye pa sitolo kumuonetsa kuti taonani magazi akwathu. Wachiwiri anatupa manja. Wachitatu chimodzimodzi. Onse awiri ali kumanda, pafupi ndi azichemwali a Harry aja. Ndipo apongozi omwe aja, amene kwa Jenifer analinso azakhali ake, anamuloza chala kuti ndi tsempho.

"Ine ndinkakusekani nawo, achemwali," anatero Jenifer. "Uyu ndi January, wotsiriza. Chiyambire dzana mkono sukugwira, mawu sakutuluka."

Stella anayang'ana mwanayo. Maso achikasu omwe aja, kamwa litapotokera mbali imodzi. Mumtima mwake munadutsa bulangete lija, munadutsa beseni la zitumbuwa. Mawu owawa anafika pakhosi. Anawameza. Anasiya thumba la nyemba kwa mnzake wogulitsa, n'kuimitsa minibasi.

"Dzukani bambo. Kulira mukalirira m'galimoto. Dzana ndi kale."

Ku Gulupu anamulandira January mothamanga. Moyo anaupulumutsa, koma anati magazi anali atatseka kale njira ina ya m'mutu. Mkono ndi mwendo wa kumanja sizinabwererenso, ndipo mawu amatuluka amodzi amodzi. Adokotala anati akanabwera naye ali wakhanda, n'kuyamba mankhwala ndi sikelo, mwina sizikanafika pamenepo.

Tsiku lomwelo Harry anatulutsa dzanja m'thumba. Kadontho kamodzi, kosapweteka ndi pang'ono pomwe. Yofiira inalimo. Mwa Jenifer inalimonso. Nyemba za nkhokwe imodzi.

Lero ntchito ya pa eyapoti anaisiya, msana umene unkasenza masutikesi ukusenza January. Tsiku la sikelo mukapita ku Gulupu mukamupeza pa benchi yomwe ija anakanirapo chala. Tione amakhalanso pomwepo, ndi mabuku ake pamiyendo, kudikira dzina lake. Amamwetsa January madzi a m'chigubu chake, amamupukuta dovu, amamutchula kuti mlongo wanga. Koma kwa Harry amagwada mwaulemu n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bambo a January?" Dzina loti bambo anga silinatulukepo m'kamwa mwake. Harry amayankha kuti ndaswera, kenako amayang'ana kumbali.

Ndiye inu anyamata ndi atsikana amene mwayamba kuonetsana kwa ankhoswe, musanagule ndi mphete yomwe, pitani mukapereke chala. Mphamvu za m'manja zisakunamizeni. Kukongola kwa msuweni kusakunamizeni. Mukauzidwa zinthu, khalani pansi mumve, chifukwa manda a mwana safukulika.

Ndipo iwe mayi amene wabereka mwana wotupa timanja, amene akukuloza zala kumjigo, amene wasiyidwa, ndi chofunda chomwe watengeredwa: sunasemphe mwana. Mumange bwino kumsana, umumwetse madzi, ukwere galimoto lero lomwe, osati mawa. Nachigubu uja anamuwerengera miyezi, lero akuwerenga mabuku. Osataya mtima, mwana wanga. Osataya mtima.