Nthungululu Zopanda Mawu ku Pinetown

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinaimba koyamba pa siteji, mu holo ya tchalitchi china ku Pinetown, kufupi ndi Durban. Anthu akandifunsa mmene ndinayambira zisudzo zanyimbo ndimatchula aphunzitsi ndi masewero. Za amayi anga sindinena kawirikawiri, chifukwa ndikayamba mawu amandithera.

Tinkakhala awiriwiri m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ya eni ake. Amayi anali telala, ndipo chipinda chonse chinkanunkha mafuta a makina ndi nsalu zatsopano. Lamulo lathu linali limodzi: Chichewa chimathera pakhomo. Ine Chizulu ndinachitola kusukulu ngati chimfine, ndipo dzina langa, Thoko, Azulu nawonso ali nalo. Koma amayi lilime linawakanira. Akangoti "yebo" povomera, munthu ankatembenuka n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Choncho pamsewu ndi m'takisi wolankhula ndinali ine, iwo ankangogwedeza mutu. Chaka chimenecho zinthu sizinali bwino kwa ife obwera. Mnzawo wina wosoka anali atathamangitsidwa pamalo ake ku Springfield, makina n'kuwasiya komweko.

Mayi wina wophunzitsa ana zisudzo, Mam' Zodwa, anandimva ndikuimba kusukulu n'kundiitana. Anandipatsa gawo la mtsikana wodikira mayi ake pa siteshoni ya sitima, ndipo nyimbo yomaliza inali yanga ndekha. Anzanga ankaperekezedwa kokonzekera ndi azimayi awo, ena ndi azakhali aphokoso onyamula zakudya. Ine ndinkapita ndekha, kudya buledi wanga kuseri kwa piyano, n'kubwerera ndekha. Sikuti ankandida ayi. Kungoti munthu wobisa kwawo sacheza momasuka. Ukaseka kwambiri umaopa kuti mawu akwanu akupulumuka.

Mam' Zodwa ankati mawu ndili nawo, koma ndimaimbira khoma. Anandiuza kuti ndizisankha munthu mmodzi pakati pa oonera n'kumuimbira iyeyo. Ndinkavomera mwaulemu, koma mumtima ndinkati, munthu wake uti?

Ndinawachonderera amayi kuti adzabwere tsiku la sewero. Anakana. Ndinalira, ndinanyanyala chakudya, mpaka anagonja, koma anaika mfundo zawo. Adzakhala kumbuyo, sadzandipatsa moni, ndipo tidzakumana kokwerera matakisi.

"Ndimadzidziwa ine," anatero akudula ulusi ndi mano. "Ndikangoyamba nthungululu, pakamwa panga patuluka zonse. Mawa lake anzakowo akupatsa dzina lina, gawo lakolo n'kupatsa wina."

Ndinakwiya kwabasi. Ndinkaona ngati amayi akukuza nkhani, ndipo ndinkafuna kuti tsiku limodzi lokha ndikhale mwana wa munthu pamaso pa anthu.

Linali Loweruka masana, kunja kuli kutentha kwa chinyezi kuja kwa ku Durban. Mu holo munkanunkha polishi ndi thukuta. Diresi langa lachikasu anasoka ndi amayi, ndipo linkandimata kumsana. Nyimbo yomaliza itayandikira ndinayamba kuwafunafuna. Ndinawapeza pamzere womaliza, pafupi ndi chitseko, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Chitenje anachisiya kunyumba, anavala siketi yakuda kuti asaoneke achilendo. Mbali zonse ziwiri anthu ankacheza, iwo ali phee pakati.

Ndinawaimbira iwowo. Nyimbo inali ya Chizulu ndipo mwina theka lake sanalimve, koma inali ya mwana woitana mayi ake, ndipo ine sindinkachitanso sewero. Mawu ananjenjemera pachiyambi, kenako anatuluka mmene sanatulukirepo.

Nditamaliza anthu anaimirira. Azimayi a Chizulu analuluta mpaka holo kugwedezeka. Ndinayang'ana kumbuyo kuja. Dzanja la amayi linali pakamwa, likugwedezeka mofulumira monga amachitira azimayi akwathu poimba nthungululu, koma mawu sankatuluka. Masaya awo anali atanyowa.

Kuseri kwa siteji aliyense anali m'manja mwa wake. Mam' Zodwa anandikumbatira n'kundifunsa kuti mayi anga ali kuti, awathokoze chifukwa cha diresi. Ndinasuzumira mu holo, mpando uja unali wopanda munthu. Ndinangoti atsogola. Ndinavula diresi ndekha, zipi yakumbuyo ndikulimbana nayo ndekha, ndipo sindinasungulumwepo ngati tsiku limenelo.

M'takisi tinakhala moyandikana. Bondo lawo linkakhudza langa, ine n'kumalisuntha, chifukwa mkwiyo unali usanathe.

Titafika anakhoma chitseko, n'kutseka zenera ngakhale kunkatentha. Anatenga kansalu kotsala n'kukaika pansi pa singano, kenako anaponda makina mwamphamvu. Makina atayamba kulira, amayi analuluta. Nthungululu zonse anazimeza mu holo zija zinatuluka, phokoso la makina likuziphimba kuti eni nyumba asamve.

"Mwana wanga iwe! Mwana wa ine ndemwe!"

Phazi limodzi linali pa makina, mapewa akuvina. Ine ndinangokhala pabedi n'kulira. Atatopa anachotsa phazi, anapukuta kumaso, n'kundifunsa ngati ndili ndi njala.

Amayi anabwerera ku Malawi maso atayamba kuwavuta, ndipo sanandionenso pa siteji. Nthawi imene ija ndinkayesa wosungulumwa ndine. Lero ndimaona kuti ine ndinali ndi Chizulu, sukulu ndi nyimbo, pamene iwo mumzinda wonsewu anali ndi ine ndi makina basi. Tsiku lokhalo loti anyadire pagulu analipereka kuti ine ndisachotsedwe pa siteji.

Ndaimba m'maholo akuluakulu kuposa ija, ndipo kuwomba m'manja ndimakukonda, ndisaname. Koma sindiimbira amene akufuula kutsogolo. Maso anga amapita pamzere womaliza, pafupi ndi chitseko. Sipalephera kukhala munthu wina ali yekha, chikwama pamiyendo, amene atuluke magetsi asanayake.