Mlatho Wotchipa Wandiphera Mwana

Mwana wanga Esinati wafera m'mbali mwa kamtsinje, mlatho utakokoloka. Ku ofesi ya zamisewu andiuza kuti palibe amene analakwa.

Ine ndine mmisiri womanga, wa kwa Maganga. Chilimwe chatha anakhoma chikalata chakuti akufuna womanga kamlatho pa msewu wathu wopita ku Salima. Aliyense alembe mtengo wake, atseke mu envulopu. Malowo ndinawayeza masiku awiri. Pansi pake ndi mchenga wokhawokha, maziko anafunika kuzama. Ndinalemba mapaundi 46. Kalatayo ndinakapereka ndekha panjinga, Lachisanu, 9 koloko m'mawa.

Patapita milungu itatu, kalaliki anandiuza kuti ntchito yapita kwa wina amene analemba mapaundi 31. Ndinafunsa ngati bwana wawo sanaone kuti simenti ya ndalama zimenezo singakwane. Anati iwo amangoona wotchipa, zinazo n'za amisiri. Anawonjezera monyadira kuti apulumutsa mapaundi 15.

Ndinkadutsa pomwepo akumanga. Maziko olekeza m'mawondo. Pulasitala woti ukakanda ndi chala akuyoyoka. Ndinabwerera ku ofesi kukawachenjeza. Anandikhazika pakhonde kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa pamutu, kenako mesenjala anabwera ndi yankho. Akuti bwana anena kuti ndi nsanje chabe.

Nsanje? Msewu woyendamo ana anga omwe?

Mvula yamphamvu yachitatu inasesa mlatho wonse. M'mawa mwake Esinati, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anayamba kukomoka ndi malungo. Amake anamubereka, ine ndikukankha njinga. Pamene panali mlatho tinapeza madzi ofiira akuthamanga ndi mitengo. Chipatala chili kutsidya. Tinakhala pansi kudikira kuti aphweko. Cha m'ma 2 koloko Esinati anapempha madzi akumwa. Sanayankhulenso.

Maliro atatha ndinapitanso ku ofesi kuja. Kalaliki yemwe uja ananena pepani kamodzi, n'kundikankhira pepala.

“Akulu, mlatho uja akufunanso woumanga. Lembaninso, koma mtengo mutsitseko pang'ono.”

Pepalalo ndinalisiya patebulo pomwepo.

Amisiri anzanga, akakuuzani kuti mutsitse, afunseni chimene muchotsepo pa mlathowo. Ndipo inu a mu ofesi, ndiyankheni. Ndani anabwera kudzaona maziko aja asanakwiriridwe? Ndani anasaina kuti ntchito yatha bwino? Ndikufuna dzina lake. Amake Esinati amandifunsa m'mawa uliwonse.