Tsiku Limene Maiki ya Amayi Inazima

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa ukwati wa anthu amene sindinkawadziwa n'komwe. Ndinali nditamaliza Fomu 4, ndikungokhala pakhomo ku Mchengautuwa mumzinda wa Mzuzu, ndipo Loweruka ndinkapita kutchalitchi kukasesa. Tsiku limenelo mwambo utatha, mwini zokuzira mawu, a Nyirongo, anatsala okha ndi mulu wa zingwe chifukwa wantchito wawo anali atatsatira anthu kumadyerero. Ndinasiya tsache n'kuyamba kuwathandiza kukulunga. Anandiyang'ana n'kundifunsa:

"Ndiwe mwana wa njani?"

"Wa a Mhone, adada."

"NyaMhone, Lolemba ubwere kunyumba ku Nkhorongo. Usavale siketi, tizikwera lole."

Ndinayamba choncho. Miyezi yoyamba sanandilole kukhudza mikisa, makina okwezera ndi kutsitsira mawu a maiki iliyonse. Ntchito yanga inali kunyamula masipika, kuimika masitandi, kusintha mabatire a maiki yopanda chingwe, ndi kumata zingwe pansi ndi tepi kuti akazi ovala nsapato zazitali asakodwe. Anandiphunzitsa kuti chingwe sachikulungira pachigongono ngati chingwe choyanikira zovala, chifukwa timawaya ta m'kati timaduka. Poyatsa umayamba mikisa, ampu yopatsa masipika mphamvu pomaliza. Pozimitsa umayamba ampu. Ukasemphanitsa, masipika amaphulika phokoso ngati mfuti ndipo ena amapserera pomwepo. Sipika iyenera kukhala kutsogolo kwa maiki, apo ayi imalira kulira kuja kobaya m'makutu. Ndipo pa mwambo uliwonse umamvera munthu mmodzi yekha, amene wagwira pologalamu. Apongozi, mlamu wa mkwati, woledzera wofuna nyimbo yake, onsewo umawamwetulira basi.

Tinkayenda maukwati, mabulayido shawa, maliro ndi misonkhano ya mabungwe. Pofika nyengo ya mvula ndinali nditayamba kukhala pamikisa ndekha a Nyirongo akamayang'anira jenereta.

Chaka chimenecho chimanga chinakwera moopsa. Ku Nyumba ya Malamulo kunalowa bilu yoti boma lokha ndilo lizigula ndi kugulitsa chimanga, soya ndi nyemba, liziika mitengo, ndipo lizilanda mbewu kwa aliyense wopezeka akusunga zambiri popanda chilolezo. Aphungu ankakangana pawailesi masana onse, ndipo mkangano womwewo unkapitirira m'minibasi, m'malo ometera ndi pamizere ya mafuta. Kwathu unafika mpaka pamkeka. Adada anga, amene anapuma ntchito m'boma, ankati kale boma likugwira msika munthu wosauka ankadziwa mtengo wa chakudya chaka chonse. Amama amagulitsa chimanga ndi nyemba mumsika, ndipo ndi malonda amenewo anatiphunzitsa tonse. Iwo ankati, "Inu mumakumbukira mtengo. Ine ndimakumbukira mzere."

Kenako tinamva kuti komiti ya aphungu ikubwera ku Mzuzu kudzamva maganizo a anthu. Ntchito ya zokuzira mawu inagwera ife. Amama anasankhidwa ndi anzawo a mumsika kuti akawalankhulire, ndipo sabata yonse ankayeseza mawu awo akutsuka mbale.

Tinafika paholo m'mamawa kukuwaza kamvula. Tinaika maiki patebulo la aphungu, ina pasitandi pakati pa holo ya anthu odzalankhula. Tebulo langa ndinaliika kumbuyo pakona, kuseri kwa chipilala, monga tinkachitira m'maukwati kuti tisaoneke pazithunzi. Tisanayese n'komwe mawu, magetsi anazima. A Nyirongo anatuluka kukaliza jenereta, ndipo poti petulo amene tinapeza anali wokayikitsa, jeneretayo inkatsokomola. Anandiuza kuti akhala nayo panja.

"Uzimvera wapampando yekha, wamva? Wina aliyense ayi."

Holo inadzaza mpaka m'mawindo. Kumanzere kunakhala amayi a mumsika, mavenda ndi eni malole. Kumanja kunali anthu a m'makomboni otopa ndi mitengo. Kumbuyo, pafupi ndi ine, kunaima anyamata amene anatsika m'lole imodzi, akununkha kachasu nthawi ya m'mawa. Sindinadziwe kuti abwerera mbali iti. Ndikuganiza kuti enawo sankadziwanso.

Wapampando anali phungu wachizimayi wolankhula modekha. Anafotokoza biluyo m'Chichewa, wina n'kumasulira m'Chitumbuka, ndipo anatsegula bwalo. Anthu angapo atalankhula, panaimirira bambo wina wowonda wa ku Ching'ambo, mlonda wa pasitolo. Anagwira sitandi ndi manja onse awiri ngati ingamuthawe.

"Ine malipiro anga sasuntha," anatero. "Koma chimanga mtengo wa m'mawa ndi wina, wa madzulo ndi wina. Ana anga akudya kamodzi. Wamng'ono wasiya kulira, amangondiyang'ana. Boma ligwire zonse. Litenge ndi masikelo omwe."

Kumanja kunaphulika m'manja. Kumanzere ena anayamba kukuwa, koma amama ndinawaona atawerama. Kenako dzina lawo linaitanidwa. Anayenda pang'onopang'ono atamanga chitenje chawo cha kumapemphero. Ndi aafupi, ndiye ndinakwezako pang'ono mawu a maiki yawo.

"Monire mose. Yewo chomene, amama wapampando. Adada alankhulawa sananame, njala ilipo. Koma ine matumba anga mutha kuwanyamula pakabaza maulendo awiri. Lamulo ili likadutsa, wapolisi adzayamba ndi ine chifukwa ndili poyera. Amene akubisa chimanga mukuwadziwa. Ali ndi nyumba zosungira zamalata mpaka pansi. Malole awo amapita kumalire anthu tikuona. Ndipo ena mwa iwo akhala mipando yakutsogolo muno."

Holo inachita phokoso ngati mvula pamalata. Ndipamene ndinamva dzanja paphewa. Anali bambo wa suti yotuwa, wonenepa, wosakhala wa komiti, koma m'mawa ndinaona anyamata aja akumupatukira njira.

"Zimitsa maiki ya mayiyo."

"Pepani bwana, ndimamvera wapampando."

"Ukundidziwa ine?"

"Ayi, bwana."

Amama anali akupitiriza: "Ngati mukufuna mayina, ine ndilibe mantha, ndi—"

Bamboyo anandikankhira kumbali n'kulowetsa dzanja kuseri kwa mikisa. Sankadziwa chingwe cha maiki ya amama, ndiye anagwira chimene chinali pafupi, chopita ku ampu, n'kuchikoka ndi mphamvu zonse. Masipika anaphulika kamodzi, phuu! Kenako zii. Mutu wa chingwe unatsalira m'mikisa, mawaya ali lendee m'manja mwake. Anachiponya pansi n'kutulukira khomo lam'mbali, osathamanga n'komwe.

Zonse zinazima, ndi maiki ya wapampando yomwe. Ndinamuona akumenya maiki yake ndi chala, pakamwa pakuyenda popanda womumva. Chingwe china chinali m'chikwama, mulole, panja. Ndinadzuka kuti ndithamangire kumeneko, koma khomo linali litatsekedwa kale ndi anthu.

Wina anakuwa kuti kwalira mfuti. Wina anati boma latseka mayi pakamwa. Kumanja ena ankati mavenda awononga dala msonkhano. Mpando woyamba wapulasitiki unauluka kuchokera kwa anyamata aja n'kugwera pakati pa amayi a mumsika. Wachiwiri unabwerera. Kenako sindinathenso kudziwa woponya ndi woponyedwa. Mawindo anayamba kusweka, miyala ikulowa kuchokera panja. Mnyamata wina anazula sitandi ija, chitsulo cholemera cha miyendo itatu, n'kuyamba kuizunguza. Inamupeza mlonda wa ku Ching'ambo pachipumi. Ndinaona khungu likutseguka loyera, magazi asanabwere, ndiye anagwada n'kugwa chafufumimba, anthu akumuponda. Aphungu anawatulutsira kuseri.

"Ndi uyu! Wazimitsa ndi uyu!"

Anali venda wina amene ndinkamuona mumsika, akundiloza. Palibe amene anamuona wa suti uja, chipilala chinabisa zonse. Chimene anaona ndi mtsikana ataima pamakina amene angozima. Ndinakweza manja n'kuyamba kufotokoza, koma khofi loyamba linanditseka khutu. Wina anandigwira tsitsi n'kundikokera pamwamba pa tebulo, mikisa n'kugwa nane. Pansi ndinakumana ndi nsapato. Ina inandimenya m'nthiti, ina pakamwa, ndipo ndinamva dzino likusweka ngati mwala wa mumpunga. Ankanditukwana m'zilankhulo zonse za mumzinda muno. "Wagulidwa! Akupatsa zingati?" Mayi wina amene ankandimenya ndi nsapato anali atadyapo kwathu pa chinkhoswe cha achemwali anga. Sanandizindikire, nkhope yanga inali magazi okhaokha.

Pakati pa miyendo ya anthu ndinawaona amama akulimbana kuti adutse, duku litagwa. Ndinkaona pakamwa pawo: "Mwana wane! Ndi mwana wanga uyo!" Anthu amene ankandimenya chifukwa cha iwo sanawamve.

Amene anandifika poyamba ndi a Nyirongo. Analowera pawindo losweka, manja akuchucha magazi, n'kudzigwetsa pamwamba panga. Anali munthu wamkulu thupi, ndipo anandiphimba yense. Ndinkamva kumenya kulikonse kukudutsa m'thupi mwawo ngati ng'oma. Kenako sitandi ija inatsika. Inawapeza kumbali kwa mutu, pakhutu lakumanzere. Thupi lawo linalemera mwadzidzidzi, ndipo magazi otentha anayamba kundidonthera m'khosi.

Chimene chinabalalitsa anthu ndi utsi wokhetsa misozi. Unalowa m'mawindo, aliyense n'kuyamba kutsokomola ndi kuthamangira kukhomo. Amama anatikoka tonse awiri, sindikudziwa ndi mphamvu zochokera kuti, mpaka panja paudzu wonyowa. Jenereta inali ikulirabe yokha.

Kuchipatala tinadzaza benchi yonse. A Nyirongo anawalowetsa msanga. Ine ndinatsala panja ndi amama, ndipo pafupi nafe anakhazika mlonda uja, chipumi chili chotseguka. Amama anang'amba chitenje chawo cha kumapemphero n'kumumanga mutu.

"Yewo, amama," anatero. Kenako anati, "Komabe chimanga mwakweza."

"Ndakweza ine? Mukafunse kumene ndimapikula."

Anakangana motsitsa mawu mpaka namwino anamuitana mlondayo, dzanja la amama lili pamutu pake kuti nsalu isagwe.

Ine ndinathyoka nthiti ziwiri ndi dzino. A Nyirongo anachira, koma khutu lakumanzere silinamvenso. Kwa munthu wa ntchito yathu, kumeneko ndi kuduka dzanja. Ndinapita kukawaona ku Nkhorongo ndili ndi mantha kuti andiuza kuti ndikanangozimitsa maiki ija. Anatembenuza mutu kuti andimve ndi khutu labwino.

"Unamvera wapampando?"

"Eya, adada."

"Basi. Mikisa yatsopano ikabwera, pampando ndi pako. Ine ndizinyamula masipika."

Wa suti uja ndinamufotokoza kupolisi, koma palibe chinachitika. Amayi a mumsika anabwera kunyumba ndi nkhuku kudzapepesa, ndipo amama anawasiya ataima pakhonde nthawi yaitali asanawapatse mpando. Bilu ija inabwerera ku Nyumba ya Malamulo, inasinthidwa apa ndi apo, aphungu anapitiriza kukangana. Adada ndi amama sanagwirizanebe mpaka lero. Ine ndimamva mbali zonse ziwiri, chifukwa ndinaona magazi a mbali zonse ziwiri paudzu umodzi.

Zimene ndinasintha ndi za ntchito. Pa msonkhano uliwonse wa mkangano, tebulo langa limakhala poyera, pamene aliyense angaone manja anga. Kuseri kwa mikisa ndinakhomerako bokosi lathabwa lokhala ndi loko. Zingwe zapadera zimakhala pansi pa mpando wanga, osati mulole. Ndipo pamwendo panga pamakhala kachimkuzamawu kam'manja ka mabatire, chifukwa ndinaphunzira kuti anthu okwiya mawu akazima sadikira kuti ukonze. Aliyense amadzipezera yekha chifukwa, ndipo amasankha choipitsitsa.

Chaka chatha, pa msonkhano wina wa mitengo ya feteleza, magetsi anazima mlimi wina ali pakati pa kudzudzula akuluakulu. Ndinamva mipando ikuyamba kukwekwereza. Nthiti zanga zinakumbuka mutu usanakumbuke. Ndinakwera pampando n'kukweza kachimkuzamawu kaja.

"Ndi magetsi, abale! Palibe watseka munthu pakamwa. Adada, bwerani mumalizire pano."

Mlimi uja anadutsa pakati pa anthu, anakalandira m'manja mwanga, n'kupitiriza pomwe anasiyira. Anawadzudzula mpaka anatopa. Anthu anakhala pansi n'kumamumvera.