Kabatire kamene kanatseka nyimbo za aphunzitsi

Tinalipo atatu okonda makompyuta akale pa boma la Lundazi: ine, nditasiya utolankhani, bambo wina wokonza mawailesi pamsika, ndi aphunzitsi opuma a ku Mwase Lundazi. Loweruka lililonse tinkakumana m'kashopu ka mawailesiko n'kumadzutsa makina amene ena anataya.

Aphunzitsi ankabwera pa njinga. Kompyuta yawo inkakhala pashopupo chifukwa kunyumba kwawo kunalibe magetsi. M'menemo analembamo nyimbo za Chitumbuka za kwaya ya tchalitchi chawo, mawu pamodzi ndi do-re-mi wake. Ozipeka ambiri anamwalira kale, ndipo nyimbozo sizinalembedwe pena paliponse.

Pulogalamu yolembera nyimbo inali ya kakampani kena kakunja. Chilolezo chake chinali ndi tsiku lothera, koma inagwirabe ntchito zaka zambiri, ife osadzifunsa chifukwa. Chinsinsi chinali kabatire konga batani la malaya, kamene kamasunga deti m'kompyuta. Kanali katafa. Ukayatsa makinawo, ankayesa kuti akadali m'chaka chimene anapangidwa, ndiye tsiku lothera silinkafika.

Amene ndinaona kuti deti n'lolakwika ndine. Munthu wozolowera nyuzipepala sapirira deti labodza. Wokonza mawailesi anaika kabatire katsopano, ine n'kulemba tsiku lenileni. Titayatsanso, pulogalamu inadzitseka.

"Mwagwila nchito, madokotala," anatero aphunzitsi. "Wodwala wachila, kungoti wasiya kukamba."

Palibe anaseka. Tinachotsa kabatire, tinabweza deti m'mbuyo, koma pulogalamu inali itadziwa kale.

Ndinalembera kampaniyo katatu. Yankho silinasinthe: yakaleyo anaisiya, titenge yatsopano yolipira mwezi ndi mwezi. Ndinafunsa ngati yatsopanoyo imatsegula zimene tinalemba ndi yakale. Anati ayi. Pa intaneti ndinapeza anzathu a m'mayiko ena akulira chimodzimodzi. Wina anali atapeza njira yotsegulira, kampani n'kumuuza kuti aifafanize. Chinthu anasiya kugulitsa, komabe safuna kuti eni nyimbo atsegule okha. Mpaka lero sindimvetsa kuti ankapindula chiyani.

Wokonza mawailesi ndi amene anatitsegula maso. Anatsegula nyimbo imodzi ndi kapulogalamu wamba kolembera makalata. Panatuluka timabokosi ndi zizindikiro zosamveka, koma pakatipakati pankaoneka mawu a Chitumbuka. Do-re-mi yense anali atasanduka zinyalala.

Aphunzitsi anavala magalasi, anawerenga mzere woyamba, kenako anayamba kuimba. Mayi wogulitsa mtedza panja anavomera nawo.

"Lembani, atolankhani," anandiuza. "Si mumakonda zoona?"

Nyengo yonse yokolola tinkachita zimenezi. Iwo ankaimba mzere n'kutchula do-re-mi wake, ine ndinkalemba, ndipo tsiku lomwelo tinkasindikiza papepala kuti tipange buku. Pena ankaima, n'kunena kuti akafunsa a kwaya pa Sabata. Nthawi zambiri ankabwera nalo yankho.

Nyimbo ziwiri zinakanika. Mawu ake tili nawo, koma kaimbidwe palibe akukumbuka. Aphunzitsi anakana kuti tizichotse m'buku. Anati tisiye mizere yopanda kanthu pamwamba pa mawu, mwina wina adzakumbukira.

Bukulo lili ndi kwaya tsopano. Ndikalitsegula ndimayambira pa masamba awiri aja. Kompyutayo ikadali pashopu, ndipo deti lake n'lolondola.